Nthochi ya M'munda wa Asilikali

Ntchito yanga yoyamba inandipeza kutchalitchi. Titatuluka m'mapemphero, mkulu wa mpingo anandiuza kuti pa linga lakale la miyala, pamwamba pa doko, akufuna wolima maluwa m'munda wokumbukira asilikali akwathu a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Kapitawo wathu, a Kachingwe, anali ochokera ku Dedza. Anandipatsa khasu, fosholo, wilibala ndi kheni yothirira. Mizere tinkaiwongola ndi chingwe ndi zikhomo, manyowa tinkasakaniza ndi mchenga, ndipo mbande tinkawokera dzuwa litapendeka. Pulani ya munda ankayenda nayo m'thumba la malaya. "Chimene sichili papepala ili ndi udzu," ankatero. "Wosiya udzu, khasu alisiyenso."

Kutatsala masiku anayi kuti munda utsegulidwe, ndinapeza mphukira ya nthochi itabzalidwa pafupi ndi mwala wolembedwa mayina a asilikaliwo. Sindinafunse aliyense. Ndinaizula n'kukaitaya pa mulu wa zinyalala.

M'mawa mwake kunabwera mayi wokalamba, a NyaMphande, atakwera phiri lonselo kuchokera ku Chikale ndi chigubu cha madzi. Anaima pa dzenjelo nthawi yaitali. Kenaka anandifotokozera, Chichewa chikusakanikirana ndi Chitonga, kuti bambo awo anapita kunkhondo iwo ali m'mimba, ndipo sanabwerere. Popeza panalibe mtembo, abale anaika thunthu la nthochi m'manda, nabzala mphukira kumutu. Nthochi imeneyo ikuberekabe, ndipo imene ndinazulayo anaipatula pomwepo.

"Bambo wanga sindinamuonepo, mwanangu," anatero. "Amene ndikumudziwa ndi uyo mwatayayo."

Ndinakumbukira mmene Ambuye anachenjezera antchito ofulumira kuzula namsongole, kuti angazulire pamodzi ndi tirigu. Wantchito ameneyo ndinali ine.

Mphukirayo ndinaipeza itafota ndi dzuwa la Novembala, koma tsinde linali lolimba. Ndinadziwa kuti ndikaibwezera, khasu ndilisiya. Ndinapemphera mwachidule, ndinadula masamba ofotawo, ndinakuza dzenje, ndinathira manyowa, n'kuibzala. Madzi oyamba anathira ndi eni ake.

A Kachingwe anatipeza tikuphimbira ndi udzu. Anandifunsa ngati ndalembedwa ntchito kwina. A NyaMphande anawauza zonse, osafulumira. Kapitawoyo anatulutsa pulani, anaiyang'ana, anayang'ananso dzina la bambo a mayiwo pamwala.

"Amayi, papepala pano palibe nthochi," anatero.

"Pa pepala la boma panalibenso manda, ada," anayankha mayiwo.

A Kachingwe anachotsa pensulo kukhutu, najambula kabwalo kakang'ono pambali pa mwala. Kwa ine anangoti, "Makheni awiri m'mawa uliwonse. Ikauma, muuma nayo."

Pa tsiku lotsegulira, alendo anaika nkhata zawo za maluwa, ena akudabwa ndi chitsa chopanda masamba. Tsamba loyamba linatuluka patapita sabata, lopindika ngati kalata. A NyaMphande analiona. Mkoko woyamba sanauone. Mulungu anali atawaitana.

Ndalima minda yambiri kuchokera pamenepo, ya masukulu ndi ya malo ogona alendo. Chingwe ndi zikhomo ndimazilemekezabe. Koma ndikapeza chomera chimene sichili pa pulani, khasu ndimayamba ndalitsamiritsa kukhoma, n'kupita kukafunsa amene anachibzala.