Nambala Imene Inawakanika a Chulukitsani

A Chulukitsani anasiya choko kalekale, koma masamu sanawasiye. Matenda awo anali mfuwuliro, kandodo kokhala ndi kadontho pansi kaja. Kwa enafe ndi kofuulira basi. Kwa iwo, kakaima pambuyo pa nambala ndi lamulo la m'masamu: chulukitsa nambalayo ndi zinzake zonse za m'munsi mpaka kufika pa wani.

Akazi awo akalemba pafoni kuti "Mugule mazira 5!", mkuluyu ankafika pakhomo akupukusa mutu. "Mayi, mazira handiredi twente? Tisunga m'bafa?" Wometa tsitsi atalemba pachitseko kuti "Tsopano mipando 4!", anamulowera kukafunsa kumene wabisa ina twente. Ankaseka okha mpaka kutsamwa, ndipo kunena zoona ankatopetsa.

Amene anatopa kwambiri ndi mwana wawo wamkazi. Anasiyiratu kuwalembera mfuwuliro. Atakwatiwa, mimba zake zinayamba kupita padera, ndiye chofuulira analibenso. Mauthenga ake anangokhala owuma: "Ndili bwino, bambo." Bambowo zinkawapweteka kwambiri.

Tsiku limene mimba ina inafika pobereka, a Chulukitsani anakhala pabenchi panja pa wodi ya amayi, foni ili m'manja, malaya atanyowa ndi thukuta. Mwanayo anali ku opaleshoni. Adokotala anali atanena kuti ndi mapasa, koma mtima wa mmodzi sunkamveka bwino. Akazi awo ndi mkamwini anali mkati, ndipo palibe ankatuluka.

Foni inanjenjemera. Uthenga unachokera pa nambala ya mwana wawo: "2!"

Mutu unayamba wokha ntchito yake. Ziwiri kuchulukitsa ndi wani. Ziwiri. Anabwerezanso. Ziwiri ndithu!

"Awiri!" anakuwa atadzambatuka. "Onse awiri ali moyo!" Anakumbatira bambo wokolopa pakhonde, ndowa n'kugubuduka, madzi mbwee mpaka m'nsapato. Anavina momwemo, munthu wamkulu ndi imvi zake.

Akazi awo anatuluka akuseka, misozi ili m'masaya. "Mwana wanu wandiuza yekha kuti ndilembe choncho. Akuti agogo achulukitse mmene angathere tione."

"Sizisuntha, mayi! Ndayesa kawiri konse, sizisuntha!"

Anakhalanso pabenchi ponyowapo kuti amuyankhe mwana wawo. Anangodina mfuwuliro, n'kudinanso, n'kudinanso, mpaka mzere wonse unadzaza, wopanda nambala ngakhale imodzi.