Tsiku limene a Chidendene anagwira tsache

Zoti a Chidendene analembedwa ntchito yosesa kwa mkamwini wawo ndi bodza. Ndikudziwa bwino chifukwa woyamba kulifalitsa ndine, ndipo pakamwa pangapa pakundiwawa.

A Chidendene asoka nsapato pakhonde limodzimodzi zaka makumi anayi. Phazi la aliyense mumsewu uno amalidziwa, ngakhale la aphunzitsi aja obisa chala chokhota. Mwana wawo wamkazi anamuphunzitsa ndi singano ndi guluu, mpaka anakwatiwa ndi mnyamata wa taye amene timamutcha Injiniya, ngakhale pepala lake palibe analionapo.

Injiniya anatsegula shopu moyang'anizana ndi khondelo, n'kuikamo makina odula ndi kulemba pachikopa ndi kuwala kotentha, kowonda ngati nsonga ya singano. Pachikopa chokhuthala ankachita zodabwitsa. Koma mayi wina wosoka zikwama atabweretsa chikopa chopyapyala kuti amudulire tizikopa mazana awiri tolembedwa dzina lake, zinthu zinavuta. Chikangomva kutentha, chikopacho chinkapindika ngati tsamba louma, zilembo n'kutuluka zoledzera. Shopu yonse kununkha ngati mbuzi yowaula.

Mkazi wa Injiniya ndi amene anawoloka msewu. "Ababa, kamuoneni mwana wanu, wayamba kutukwana makina."

A Chidendene analowa mushopumo ndi epuloni yawo ya mabanga. Sanayang'ane n'komwe kompyuta. Anangonunkhiza chikopacho.

"Chili ndi ludzu ichi, bambo. Mukuchiwotcha chouma?"

Anachipukuta kumsana ndi kansalu konyowa, n'kuchipsinja ndi thabwa ndi phazi lawo lachitsulo lokhomerapo nsapato. Chitagona, anamuuza Injiniya achimate ndi tepi m'mbali monse.

"Moto wanuwo chepetsani. Mudutse kawiri, simukuthamangitsidwa."

Kachikopa koyamba kanatuluka kosalala ngati khadi. Nthawi yomweyo mayi wa zikwama anatulukira, ine ndili pakhomo ngati ndikufunsa nthawi. Anakatembenuza, n'kusekerera, kenako anaona mkuluyo.

"Nanga agogowa ndi ndani?"

Injiniya anayang'ana epuloni, anayang'ana zala zakuda ndi polishi. "Aa, awa? Amangotisesera."

Mkazi wake anagwira pakamwa. Ine ndinati lero kugwa munthu. Koma a Chidendene anangosuzumira kuseri kwa chitseko, n'kutenga tsache. Anasesa tizidutswa ta chikopa pansi pa tebulo, anasesa pansi pa mpando wa mayiyo, "Pepani mayi, kwezani phazi," mpaka kukafika pakhomo. Anaimika tsache bwinobwino n'kuwoloka msewu.

Ine m'malo motseka pakamwa ndinathamanga nayo nkhaniyo kwa ometa, ndipo pofika madzulo ana ankawakuwiza kuti, "Agogo, kwathunso kuli zinyalala!" Iwo ankangokoka ulusi ndi mano, maso ali pansapato.

Injiniya tsopano amazungulira njira yakuseri kuti asadutse pakhondepo. Chidendene cha nsapato yake chinatha mbali imodzi, akuyenda chopendekeka ngati ngolo, koma kuti apite nayo kwa apongozi ake, mwendo umalemera. Phazi lachitsulo likadali mushopu mwake. Eni ake sanalifunse. Inenso patapata wanga anaduka sabata yatha, ndamumanga ndi waya.

A Chidendene anasesa kuti mwamuna wa mwana wawo asaoneke wabodza pamaso pa mlendo.