Diresi Limene Linasowa M'foni ya Alamu

Alamu anga, alongo awo a amuna anga, ndi telala. Foni yawo ndi yaing'ono, yosweka pakona, ndipo za maapu oika m'foni safuna n'kumva komwe. "Amadya malo ngati alendo osatsanzika," amatero. Masitayilo amangowafufuza pa intaneti, ndipo tsamba lililonse limene kasitomala walozapo chala, iwo salitseka. Masambawo amasanjikizana m'menemo mpaka foni kutentha.

Tsiku lina ndinawasiyira mwana kuti ndikachape matewera. Pobwera ndinapeza kamwanako kali phee kunsi kwa mashini, foni ili m'manja, yonyowa ndi dovu. Masamba onse anali atatsekeka, ngakhale la diresi la mayi wina wovuta, amene nsalu yake yodula inali itayalidwa kale patebulo.

Alamu anangopukuta foni ndi kansanza, n'kufufuza diresi lina la manja aatali.

Mayi uja atafika anati, "Atelala, tandionetseninso sitayilo yanga ija."

Alamu anapereka foniyo osaphethira n'komwe.

Mayiyo anapendeketsa mutu. "Koma khosili linali chonchi?"

"Munasankha nokha, mayi. Ine ndinanena kuti ambiri siliwakhala, koma inu khosi muli nalo."

"Eya, ndi lomweli," anatero mayiyo akudzisisita pakhosi. "Musasinthe kanthu."

Atatuluka, alamu anatola sizasi n'kumuyang'ana mwana uja. "Iwe, mawa ubwerenso. Pali winanso wasankha zosamukhala."