Mbale Zobiriwira za Amalume

Amalume anga a ku Machinga anatha zaka zambiri osalawa kanthu kwathu ku Phalula. Ankabwera ndithu pa maliro kapena kudzazonda matenda, koma chakudya chikafika ankati akhuta. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Amayi anabadwira m'Chisilamu, n'kukwatiwa ndi abambo, Mkatolika woweta nkhumba, ndiye amalume sankawakhulupirira mapoto athu. Amayi zinkawapweteka kwambiri, ngakhale sankanena.

Ine ndine namwino, ndipo chaka china anatitumiza ku Singapore kukaphunzira miyezi itatu. Ndi mzinda wa pachilumba umene unakula ndi malonda a pa sitima. Mnzanga wa kumeneko, mayi wa Chimalaya, ankandiyendetsa Loweruka n'kumandifotokozera kuti Amalaya ndiwo analiko kale, Angerezi anadzakuza doko, kenako kunakhamukira Matchaina, Amwenye ndi Aluya, aliyense ndi malonda ake, chinenero chake ndi mapemphero ake. Mumsewu umodzi ndinaona mzikiti, kachisi wa Ahindu ndi kachisi wa Matchaina, anthu akulowa ndi kutuluka popanda woyang'ana mnzake. Koma chimene chinandigwira mtima chinali kumalo odyera. Pansi pa denga limodzi, uyu akugulitsa nyama ya nkhumba, uyo chakudya cha halali, chololedwa kwa Asilamu, odya n'kukhala pa tebulo limodzi. Mbale za halali zinali ndi mtundu wakewake, zambiri zobiriwira, ndipo ukatha kudya umakazisiya pamalo pake. Mumtima ndinati basi, mankhwala a amalume ndawapeza.

Abambo amanditcha nkhutukumve, ndipo sanama. Chinkhoswe cha mng'ono wanga chitayandikira, ndinapita ku Balaka n'kugula mapoto awiri atsopano, zipande ndi mbale zobiriwira. Mapotowo ndinawaika chizindikiro cha penti. Amayi anangoyang'ana n'kuti, "Zakunjatu izi, kaya."

Kutatsala masiku atatu ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, kenako kabaza mpaka kwa amalume, mbale imodzi ili m'chikwama kuti akadzionere okha. Ndinalongosola zonse monyadira ngati ndazitulukira ndine. Iwo anaitembenuza mbaleyo uku ndi uku.

"Ndiye kuti ife tikadyera mbale zathuzathu, ngati odwala chifuwa chachikulu kuchipatala kwanuko?"

"Iyayi amalume, tebulo ndi limodzi."

"Anthu ukunenawo anakumana pamalonda, sali pachibale. Ine ndi amayi ako tinayamwa bere limodzi. Ukufuna mudzi wonse uziloza kuti uyo ndi wa mbale yobiriwira?"

Manyazi anandigwira, mtima n'kupsanso. Ndinavula nsapato, n'kukhala bwinobwino pamphasa.

"Ndiye mundiuze inuyo chochita, chifukwa ine pano sindinyamuka. Achemwali anu akukalamba, ndipo nkhaniyi ikuwadya."

Anayang'ana kumunda. Kenako anafunsa, "Mbuzi achinja ndani?" Ndinati sitinaganizirepo. "Nanga ine ndilibe mpeni?"

Nkhondo inatsala inali ya abambo, amene anali atanenepetsa nkhumba ya tsikulo. Tinakangana tsiku lathunthu. Ankati pakhomo pawo salamulidwa ndi mlamu, ine ndinkati nkhumbayo idikire Khirisimasi, siithawa. Anagonja atatopa nane, osati atakhutira.

Pa tsikulo amalume anafika m'mawa ndi akazi awo, atanyamula masefuliya akuluakulu akwawo. Anachinja mbuzi ziwiri kuseri kwa nyumba, abambo atagwira miyendo, onse awiri osalankhulana. Chakudya chinaphikidwa chimodzi cha aliyense. Mbale zanga zija zinasakanikirana ndi zina, mpaka ina inagwera akatekisiti, amene anadyeramo bwinobwino osadziwa mbiri yake.

Ine maso anali pa amalume. Anasamba m'manja, anati Bisimila, n'kutapa mpunga ndi nyama. Anatafuna pang'onopang'ono, kenako anakweza mawu.

"Achemwali! Mchere wachepa m'nyamamu. Inu simunasinthe ndithu."

Amayi analowa m'khitchini mothamanga, koma sanatuluke. Nditawatsatira ndinawapeza ataima, mchere uli m'manja, misozi ili chuchuchu. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwalandire. Anakana. Anapukuta kumaso ndi chitenje, n'kupita nawo okha mcherewo.