Mzere womaliza wa bambo

Bambo anga anakamenya nkhondo ya azungu ku Burma ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: khutu logontha ndi chizolowezi chojambula mapu pansi. Tikukula kwathu kufupi ndi Nsaru, ankati akaweruka kumunda, amakhala pabwalo ndi kamtengo m'manja n'kuyamba: "Tiyerekeze kuti Ajapani agonjetsa Mngelezi, awoloka nyanja, adutsa kwa Apwitikizi, akubwera kuno. Nyasaland timuteteza bwanji?" Chitsononkho chinali mlatho wa Namitete, timiyala tinali asilikali. Ine zinkanditopetsa. Tsiku lina, ndi pakamwa pangapa, ndinawafunsa kuti ankavutikiranji ndi dziko loti mwini wake anali Mngelezi. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala chodwala.

"Msilikali safunsa kuti dziko ndi la yani," anatero. "Amafunsa kuti mzere uli pati."

Ajapaniwo sanabwere. Imene inabwera, bambo atakalamba ndiponso amayi atatisiya, inali esiteti ya fodya. Inayambira mbali ya ku Kabudula, n'kumagula minda ya anzathu umodziumodzi, waya waminga ukutsatira pambuyo. Posakhalitsa munda wathu unazingidwa mbali zitatu, ndipo njira yopita kudambo inatsekedwa.

Apa bambo anatsitsimuka. Nkhalamba imene inkaiwala pamene yasiya nsapato inayamba kukumbukira malire onse, chulu ndi chulu. Anandiimbira foni ku Namitete kumene ndimaphunzitsa, amvekere ndifike Loweruka osalephera. Ndinapeza mapu ali kale pansi. Ulendo uno chitsononkho chinali chigafa chathu chopachikamo fodya, timiyala tinali mabanja atatu amene anali asanagulitse.

"Tamvera, mwana wanga," anatero akuloza ndi kamtengo. "Mdani wamkulu sulimbana naye paliponse. Tibzale nkhadze m'malire monsemu, aone kuti muli anthu. Kenako tiyendere mabanja atatuwa, tikane pamodzi. Iwowa akutitola chifukwa aliyense akulowa yekha muofesi mwawo."

Chimene chinandipweteka n'chakuti nzeruyo inali yabwino. Akanainena chaka chimodzi m'mbuyomo, mwina bwenzi itagwira. Koma ndani akanawafunsa? Bambo anali mkamwini. Anabwera kudzakwatira pamudzi pa amayi, analima munda umenewo mpaka msana kupindika, koma mundawo unali wa mbumba ya amayi, ndipo wolamula anali atsibweni, mlongo wawo wa amayiwo. Atsibweniwo anali atavomera kale kugulitsa mundawo Lachitatu la sabata yomweyo. Anandiitanitsa ine, monga mwana wamkazi wamkulu, kuti ndikasaine nawo. Ndinalalata, ndinamenya tebulo, ndinawauza mawu oti mpaka pano sitiyang'anana bwino. Iwo anangondifunsa modekha kuti azing'ono anga adzatulukira pati ndi ngolo waya ukatseka mbali yachinayi. Ndinasaina.

Ndiye Loweruka limenelo ndinanyamula nthambi za nkhadze pamutu, bambo ali patsogolo ndi khasu. Iwo akukumba, ine ndikubzala, utomoni ukundiwotcha m'manja. Katatu konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma nkhope yawo inali itawala mmene sindinaionerepo chimwalirire amayi. Ankaimba ndi kanyimbo ka asilikali, mawu ake osamveka. Ndinachita mantha, ndipo ndikunena poyera kuti ndinachita manyazi ndi manthawo.

Patatha masabata awiri anthu oyeza malo anafika ndi galimoto, atanyamula chingwe choyezera ndi timizati ta konkire. Atsibweni anabwera nawo, inenso ndinalipo. Bambo anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukaima pamzere wa nkhadze, zimene zinali zitayamba kale kuphuka. Anaima chilili, ndodo ili pambali, ngati pa perete.

"Pano simudutsa," anatero.

Anyamata oyezawo anayang'anizana, wina anabisa kuseka. Atsibweni anayandikira kukhutu labwino lija. Sanayankhule mwachipongwe, ndipo mwina n'chifukwa chake zinalasa kwambiri.

"Alamu, musadzivute. Nkhaniyi inatha kale. Malowa mukudziwa eni ake, eti?"

Bambo anatembenukira kwa ine, n'kuyang'ana manja anga amene anali adakali ndi zipsera za utomoni.

"Kodi nawenso unasaina?"

"Eya, ababa."

"Tisanabzale kapena titabzala?"

"Tisanabzale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, andimenye ndi ndodoyo, koma iwo anangomasula batani la jekete.

"Ku Burma nakonso zinkachitika," anatero. "Mumakumba maenje tsiku lonse, kenako n'kumva kuti akuluakulu anagwirizana kale zoti muchoke. Koma kumeneko wosainayo sanali mwana wanga."

Anapatuka, oyeza aja n'kudutsa.

Pano bambo amakhala nane ku Namitete, m'nyumba ya aphunzitsi. Amadya, amamwa mankhwala, amathokoza chilichonse ngati mlendo. Khonde langa ndi la simenti, choncho ndinawatengera mchenga wakumtsinje m'beseni, ndinaika ndi kamtengo pambali, ndi chitsononkho, ndi timiyala. Mwezi wachinayi uno mchengawo uli see, mmene ndinausalazira.