Kazitape wa mu Kompyuta ya Nasesa

Mlongo wanga amataipira anthu makalata. Ali ndi kachipinda pafupi ndi pokwerera mabasi: tebulo, mipando iwiri, kompyuta, pulinta, ndi tsache kuseri kwa chitseko. Ine ndimasoka nsapato pakhonde pake, choncho zonse ndimaziona, ngakhale zimene sindikufuna kuona.

Anthu amamutchula Nasesa. Chinthu chimene sakudziwa ntchito yake, kwa iye ndi chinyalala. Anandisonkhezerapo pamoto chikombole changa cha nsapato, ati amayesa chikuni. Malemu mwamuna wake ankabisa mabawuti m'sokosi. Nasesa anagwira ntchito ya taipi mu ofesi ya sukulu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo atapuma anatsegula malo ano. Zala zake n'zachangu, salakwitsa chilembo. Koma mtima ndi wapachala.

Kompyuta yake ndi yakale. Mwana wake wamkazi, amene amagwira ntchito ya makompyuta kutali, ndiye anaikamo mapulogalamu. Vuto lake, mapulogalamuwa sayenda okha. Tsiku lina Nasesa anafuna kapulogalamu kodulira zithunzi za ziphaso. Kompyuta inati kameneko sikangagwire ntchito popanda ena makumi anayi.

“Ndaitana mmodzi,” anatero, “abwera ndi akuchimuna ndi akuchikazi omwe.”

Pakati pa alendowo panali kena kosaoneka. Ntchito yake kuwerenga mafayilo onse, ati kuti ukamafuna chinthu uzichipeza msanga. Palibe anakatuma. Ukangoyatsa kompyuta, iko kayambapo. Fani ya m'kompyutamo kulira ngati chigayo, ukadina chilembo n'kudikira kuti chituluke. Nasesa anakapatsa dzina loti Kazitape.

Lachisanu lina m'mawa kunabwera dalaivala, bambo wa ana anayi, amene anali atakhala miyezi isanu ndi iwiri pa ulova. Kampani ina yonyamula katundu inkafuna madalaivala, makalata otaipa okha, ndipo inkasiya kulandira 12 koloko tsiku lomwelo. Nasesa anamaliza kalata n'kuisunga. Ali pakati pa pepala la mbiri ya ntchito, kompyuta inauma gwaa.

“Yatani, mayi?” anafunsa dalaivala.

“Ndi Kazitape. Lero andiona.”

Ine ndili pakhonde ndinati, “Achemwali, malizani kaye za bambowa.”

“Achimwene, sokani nsapato.”

Kompyuta itatsitsimuka, anapita pochotsera mapulogalamu, n'kupeza dzina lenileni la Kazitape, n'kudina. Panatuluka mndandanda wautali: zichokanso zina makumi asanu ndi limodzi, mukuvomera?

“Abale ake amenewo. Apitire limodzi.”

Anavomera osawerenga. Zinthu zinayamba kusowa tikuona. Tizithunzi ta pasikirini, kenako mzere wa m'munsi. Atazimitsa n'kuyatsanso, sikirini inali bii, timalemba toyera pakona basi.

“Mayi, kalata yanga ili kuti?”

“Ilimo.”

“Muti?”

Nthawi inali itadutsa 10 koloko. Nasesa anaimbira mwana wake, foni n'kuikweza mawu.

“Amayi, mndandandawo munawerenga?”

“Ndinali ndi kasitomala.”

“Kazitape wanuyo anamangiriridwa ku pulogalamu yotsegulira mafayilo. Iyonso inamangiriridwa ku china, ndipo chinacho n'chimene chimanyamula zonse zimene mumaona pasikirini. Mwazula mzati, amayi.”

“Anamanga choncho ndani? Nyumba yoti ukasesa kangaude denga ligwe? Munthuyo anapitadi kusukulu?”

“Malume alipo? Agwire foni, inu muzilemba zimene ndikunena.”

Ndinasiya nsapato ya munthu ili ndi singano, ndinagwira foni. Mwanayo ankatchula chilembo chimodzichimodzi, mawu opanda mutu, Nasesa n'kumataipa. Pamenepo ndimamupatsa ulemu: sanaphonye ngakhale kadontho. Kompyuta inayamba kukoka pa intaneti zonse zimene anathamangitsa zija. Intaneti yake inali ya ulendo wa bilimankhwe.

Dalaivala anakhala, anaima, anatuluka, analowanso. Ndinamuuza kuti avule nsapato ndizipolishe, kuti mwina akhala pansi. Anakhala, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Mayina ankadutsa pasikirini. Mwadzidzidzi Nasesa anamenya tebulo.

“Kazitape wabweranso!”

“Inde, amayi,” anatero mwanayo. “Popanda iye enawo sabwera. Sitimuthamangitsa. Tingomuuza kuti asamadzuke.”

“Ndiye ndizisunga munthu amene sindinamuitane, sagwira ntchito, kumuchotsa n'kosatheka?”

“Ngati achimwene a malemu bambo aja,” anatero mwanayo.

Dalaivala sanaseke.

Sikirini inabwerera kutatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti 12 koloko ikwane. Mwanayo anatchula mzere wina umodzi, fani inakhala chete. Kalata inalimo. Mbiri ya ntchito inali itapita theka. Nasesa anaitaipanso osayang'ana zala, akufunsa mofuula: kampani iti, chaka chiti, lole ya matani angati. Pulinta inatafuna pepala loyamba. Lachiwiri linatuluka bwino.

Basi yodikira kudzaza sikanamufikitsa. Ndinamupatsa njinga yanga. Munthu woyendetsa malole anachoka akupalasa ngati akuthawa njuchi, envulopu ili m'malaya.

Anabwera 2 koloko akukankha njinga, tcheni chitaduka, buluku lili mafuta okhaokha. Anati anapeza mlonda akukoka geti, ndipo envulopu anaipereka kudzera m'mpata. Mlondayo anailandira.

Lero amayendetsa lole ya kampaniyo. Akamadutsa amaliza hutala, ine ndimakweza dzanja. Nasesa sadzutsa mutu. Mpaka pano amati wolakwa ndi amene anamanga kompyuta, ndipo penapake sakunama. Kupepesa sanapepese. Mndandanda tsopano amawerenga, mokweza, dzina lililonse ndi chitonzo chake.

Kazitape akadalimo, ali mtulo. Kompyuta ikalandira mapulogalamu atsopano, nthawi zina amadzuka. Ndimadziwira fani. Ndikangoimva, ndimatola zikombole zanga n'kuziika m'thumba.