Tonse Tinati Timadziwa Kusambira

Ndinakulira kufupi ndi Nsaru, kumene madzi ambiri amene tinkawadziwa anali a m'dambo nthawi ya dzinja. Nditakula ndinapeza ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ya ku Namitete. Chaka china eni ake anayamba kuweta nsomba m'makhola oyandama pakati pa damu, ndipo anagula mabwato awiri a injini. Kapitawo anatiitana anthu asanu ndi mmodzi n'kutiuza kuti ndife tiziyendetsa mabwatowo, ndipo Lolemba kubwera wotiphunzitsa malamulo a kampani a chitetezo cha pamadzi kwa masiku atatu.

Pakati pathu panali bambo wina wachikulire amene anakhalitsa pa esitetipo kuposa tonse. Tinkangowatchula kuti madala. Kapitawo atachoka, iwo anatikokera kuseri kwa shedi.

"Ana inu, kodi kampani inayamba liti kudera nkhawa moyo wanu?" anafunsa. "Fumbi la fodya talimeza zaka zonsezi popanda wotiphunzitsa kanthu. Lero maphunziro? Pali chimene akufuna."

Mphunzitsiyo anali mayi wamfupi wa mawu amphamvu, amene anati anagwirapo ntchito m'sitima zapanyanja. Anabwera ndi majekete oyandamitsa munthu, chingwe chachitali ndi mulu wa mapepala. Ife maso anali pa mapepalawo. Anatiuza kuti palibe wokwera bwato osavala jekete, ngakhale madzi atakhala bata chotani, ndipo palibe wopita kumakhola yekha. Anatinso mnzako akagwera m'madzi usadumphire, koma ukuwe, uzimitse injini, umuponyere chingwe.

"Mwamva, eti?" madala anandinong'oneza. "Akuti mnzako azimira iwe ukuonerera."

Chakumasana mayiwo anafunsa kuti ndani amadziwa kusambira. Manja onse anakwera, langa lomwe. Ine madzi akuya amene ndinalowamo chibadwire anali olekeza m'chiuno, koma ndinkaopa kuti ndikanena zoona andichotsa ntchito. Mayiwo anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Nonse? Anthu a ku Nsaru ndi ku Kabudula, nonse?"

Analemba kanthu m'kabuku kawo n'kukatseka. Poweruka, tikukankha njinga, nkhani inali ya kabukuko. Wina ankati alemba mayina a ochotsedwa, wina ankati mayiwo ndi kazitape wa manijala.

Tsiku lachiwiri manijala anabwera yekha kudzagawa mapepala aja kuti tisaine. Anali a m'Chingerezi, ndipo poti ine ndinafikako Fomu 2, anzanga onse anatembenukira kwa ine. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Ndinapeza malo awiri amene anandiimitsa. Pena pankati wosainayo akuvomera kuti amadziwa kusambira. Pena pankati wantchito akavulala chifukwa chosatsata malamulo, kampani ilibe mlandu. Ndinawamasulira anzanga momwemo.

"Si ndinanena?" anatero madala, n'kuika cholembera pansi. Tonse tinaika.

Manijala anakwiya. Anati pageti pali anthu ambiri ofuna ntchito. Koma mphunzitsi uja anatolera mapepala onse n'kunena kuti, "Bwana, asasaine lero. Ndiyambe ndawaona m'madzi."

Sitinamuthokoze. Tinaganiza kuti anapangana, wina aopseze, wina anyengerere.

M'mawa mwake mphunzitsiyo anatitengera kudamu, pa kamlatho ka matabwa pamene ankamangirira mabwato. Madzi anali obiriwira, pansi osaoneka. Mayiwo anavula nsapato, n'kuloza mtengo umene unazikidwa m'madzi chapatali pang'ono.

"Kukagwira mtengo uwo n'kubwerera. Ayambe ndani?"

Madala ankayang'ana kumwamba ngati akuyesa mvula. Ine ndinaganiza za mkazi wanga, amene panthawiyo anali woyembekezera. Ndinaona kuti kuchotsedwa ntchito kuli bwino kusiyana ndi kukavuulidwa ndi ukonde.

"Mayi, ine ndinanama," ndinatero. "Sinditha."

Anzanga ena anayi anavomeranso, madala ali omaliza. Wodziwa kusambira anali mmodzi yekha, amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua.

"Ndinadziwa," anatero mayiwo.

"Nanga munalemba chiyani m'kabuku muja?" ndinafunsa.

"Ndinalemba kuti masiku atatu sakwana."

Kabukuko sanationetse, ndiye sindingalumbire. Koma maphunziro anatengadi milungu iwiri. Anatiyambira pamadzi osaya, titavala majekete. Ndimakumbukira tsiku limene anandiuza kuti ndigone chagada, ndisiye kulimbana ndi madzi. Ndinagwira dzanja lawo mpaka linachita zipsera za zikhadabo, kenako anandisiya, ndipo sindinamire. Ndinaseka ngati wopenga, madzi n'kundilowa m'kamwa. Pambuyo pake tinkagwetsa chigubu m'madzi ngati munthu, n'kumapikisana kuponya chingwe. Madala ndiwo ankaponya bwino kuposa tonse, akung'ung'udza.

Tsiku lomaliza mapepala anabweranso. Za kusambira zija anazichotsa, koma zakuti kampani ilibe mlandu zinali pomwepo. Ndinawafunsa mayiwo pambali ngati n'koyenera kusaina.

"Ine ntchito yanga ndi yakuti musamire," anatero. "Pepalalo si langa. Mukasaina, mupemphe lanu losunga kunyumba."

Madala anakana, ndipo anawabwezera kushedi ya fodya. Ife asanu tinasaina. Nditapempha pepala langa, manijala anati makina okopera mapepala awonongeka, ndibwere mlungu wamawa. Ndinapitako kangapo. Ndinayendetsa bwato pa damu lija mpaka mwana wanga anayamba sukulu ya mkaka, jekete osalivula ngakhale tsiku limodzi, ndipo pamene ndinkasiya ntchito, makinawo anali asanakonzedwebe.